Compensator ya Harley-Davidson ikatha: kusintha kapena kuchotseratu?

Funso lachokera kwa wowerenga wathu wina: "Ndili ku Johannesburg, ndinagula kwa munthu Harley-Davidson Road King ya 2009 yomwe yayenda makilomita pafupifupi 70,000. Ndikamailiza injini ili yotentha kumamveka kugunda kwamphamvu kumanzere, nthawi zina sitata imabwezedwa m'mbuyo. Ndikazimitsa imagundanso kamodzi. Makaniko wina akuti ndisinthe compensator, wina akuti ndingoichotseratu n'kuikapo sipuloketi yopanda masipuling'i, vuto lithere pomwepo. Ndimvere uti?"

Bambo, pa njinga ya 2009 yomwe injini yake sinatsegulidwepo, sinthani, musachotse. Compensator ndi sipuloketi ya masipuling'i yomwe imafewetsa kugunda kwa injini. Ikani ya mtundu watsopano pamodzi ndi rotor yake, chitsulo cha maginito chomwe chimazungulira n'kupanga moto wa batire. Sipuloketi yopanda masipuling'i ili ndi malo ake, ndipo ndifotokoza, koma siichotsa kugunda kwa injini. Imangokusamutsira ku zitsulo zina zodula kwambiri kuposa compensator. Musanagule kanthu, yambani mwatsimikiza kuti chatha ndi compensator, chifukwa batire yofooka ndi bawuti yomasuka zimabweretsa phokoso lofanana ndi lomwe mukunenalo.

Injini yanu ndi Twin Cam 96. Masilinda ake awiri anaima motalikirana madigiri 45, ndipo mikono ya mapisitoni onse awiri inagwira pa pini imodzi ya crankshaft, shafuti yayikulu yomwe mapisitoni amazunguza. Silinda ina ikaphulika, inzake imatsatira patapita madigiri 315, kenako pamadutsa madigiri 405 kuti yoyamba ija iphulikenso. Mphamvu yake sibwera mosalala. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, wina n'kumafulumira pang'ono: misi iwiri imagwa motsatizana, kenako pamakhala kampata. Kugunda kumeneku kukanalowa molunjika mu tcheni, mu kilatchi ndi m'magiya, zitsulo sizikanakhalitsa. N'chifukwa chake kumapeto kwa crankshaft kumanzere, mkati mwa bokosi la primary, momwe muli tcheni yolumikiza injini ndi kilatchi, anaikamo compensator. Sipuloketi yake ya mano 34 sinamangidwe nganganga ku shafuti. Kumbali kwake ili ndi timapiri totsetsereka, ndipo timakumana ndi timapiri tina pa chitsulo chomwe chimayenda pa mizere ya shafuti. Kumbuyo kwa chitsulocho kuli masipuling'i ooneka ngati timbale, osanjikizana. Injini ikagunda, timapiri timakwerana pang'ono, masipuling'i amafinyika, kenako amabweza mphamvu ija mwapang'onopang'ono kupita ku tcheni ndi ku sipuloketi ya kilatchi ya mano 46. Pa njinga zing'onozing'ono za kabaza kwathu mulibe chipangizo chimenechi. Ntchito yomweyi imagwiridwa ndi malabala a m'habu ya wilo lakumbuyo, ndipo amene anamvapo wilo likugogoda malabalawo atatha akudziwa kale mtundu wa vuto tikunenali.

Chimene chinavuta pa njinga za 2007 mpaka 2010 n'chakuti injini inakula kuchoka pa Twin Cam 88 kufika pa 96, giya ya 6 inabwera, koma compensator inali ndi masipuling'i ofooka komanso timapiri tafupi. Masipuling'i akatopa, timapiri timakwera mpaka kumapeto n'kugunda chitsulo pa chitsulo. Uko ndiko "kho!" mumamva poliza. Kumakula injini ikatentha chifukwa mphamvu yofinya mpweya m'silinda imakhala yayikulu, pisitoni imakana kudutsa pamwamba, crankshaft imabwerera, ndipo compensator yotopa imangoponyera kubwererako ku mano a sitata. Vuto lachiwiri ndi oyilo. Compensator imazungulira mothamanga, choncho oyilo amatayikira kunja m'malo molowa pakati pomwe sipuloketi imasisitana ndi shafuti. Pamalo pouma pamenepo chitsulo chimadyeka n'kutulutsa fumbi lofiira longa dzimbiri. Harley inatulutsa compensator ya masipuling'i akuluakulu yotchedwa Screamin' Eagle, yomwe inayamba kubwera ndi njinga za Touring, gulu lomwe muli Road King, kuchokera kufakitale mu 2011. Nayonso inavutika ndi kuuma, ndiye pa njinga za 2014 anaikonzanso: anaika beling'i ya tisingano m'malo mwa washala, anaboola timabowo tolowetsa oyilo, ndipo pa chivundikiro cha primary anaika ngalande zowolera oyilo n'kumudonthetsera pa compensator. Imeneyi ndi imene muyenera kufunafuna.

Tiyambe ndi zosafuna kutsegula injini. Yezani batire njinga itagona usiku wonse. Iyenera kuonetsa mavoti 12.6 kapena kuposerapo, ndipo poliza isatsike kupitirira 9.6. Batire yotopa imazunguza injini mwaulesi, moto umaphulika pisitoni isanadutse pamwamba, injini n'kubwerera m'mbuyo ngakhale compensator ili yabwinobwino. Pukutani mitu ya batire ndi waya wopita ku fulemu, ndipo mumange bwino. Anthu ambiri asintha compensator pamene vuto linali nati yomasuka pa batire.

Kenako khuthulani oyilo wa primary ali wofunda, muone maginito a pa bawuti yokhuthulira. Matope akuda osalala pang'ono ndi abwinobwino, amachokera ku mbale za kilatchi. Tizitsulo tonyezimira togwirika ndi chala, kapena oyilo wofiirira wa dzimbiri, ndiye kuti mkatimo muli kudyana. Mvetseraninso phokoso mosamala. Compensator yotha imagunda poliza ndi pozimitsa, imachita gwegwede injini ikamalira pang'onopang'ono, ndiponso imagunda mukamatsegula ndi kutseka mafuta pa giya yotsika. Kulira kopitirira komwe kumasiya kapena kusintha mukakoka kilatchi kumaloza ku beling'i ya mkati mwa primary pa shafuti ya magiya. Kulira kwa mluzu kokwera limodzi ndi injini kawirikawiri ndi tcheni yokungika kwambiri.

Mukatsegula chivundikiro, gwirani sipuloketi ya compensator ndi manja awiri muyese kuipotoza uku ndi uku. Ikamayenda ndi manja okha, masipuling'i atha mphamvu. Ikamagwedera cham'mbali pa shafuti, bowo lake lakula. Ikani sipanala pa bawuti yapakati musanaimasule. Ikatembenuka mosavuta, bawutiyo inali itamasuka kale, ndipo muyenera kuona bwino mizere ya pa crankshaft ndi ya mkati mwa rotor, chifukwa bawuti yomasuka imalola rotor kugwedera mpaka mizere yake kudyeka, batire n'kusiya kulandira moto.

Tsopano za makaniko wachiwiri uja. Sakunama kuti sipuloketi yolimba siitha: ilibe masipuling'i, ilibe timapiri, ndi yopepuka, ndipo kugunda kwa poliza kumasiya chifukwa palibenso mpata woti chitsulo chithamangiremo. Makampani monga Vulcan Engineering ndi Evolution Industries amapanga zimenezi, ndipo eni injini zokulitsidwa kwambiri amazikonda popeza compensator ya kufakitale imalephera kupirira mphamvu yotere. Chimene sanakuuzeni ndi komwe kugundako kumapita. Crankshaft ya Twin Cam si chitsulo chimodzi. Ndi mawilo awiri olemera ofinyidwira pa pini imodzi, popanda kuwotcherera. Kugunda kwamphamvu kobwerezabwereza kukhoza kupotoza wilo limodzi pa pinipo, mawilo awiriwo n'kusiya kuyang'anizana. Zikatero mbali ya kumanja ya shafuti imayamba kuvina, n'kudya pampu ya oyilo ndi mbale yogwira makamu otsegula mavavu, injini imanjenjemera, ndipo kukonza kwake n'kutsitsa injini yonse n'kugawa bokosi pakati. Mtengo wake umaposa compensator kangapo. Kupatula crankshaft, kugundako kumafikanso pa tcheni, pa mizere ya habu ya kilatchi, pa mano a magiya ndi pa lamba wakumbuyo.

Road King yanu ili ndi mwayi umodzi: njinga za Touring za 2009 zili ndi malabala pakati pa pule yakumbuyo ndi wilo. Malabalawo amachepetsa kugunda kochokera ku msewu, koma ali kumapeto kwenikweni kwa mzere. Kugunda kwa pisitoni kumadutsa kaye m'tcheni, mu kilatchi ndi m'magiya kusanafike kumeneko. Njinga za Harley za mtundu wa Dyna ndi Softail za Twin Cam zilibe n'komwe malabalawo, choncho pa zimenezo kuchotsa compensator kumasiya njinga yopanda chofewetsa chilichonse. Ena amanena kuti Harley yaing'ono ya Sportster imayenda bwino ndi sipuloketi yolimba. N'zoona, koma Sportster ndi ya 883 kapena 1,200 cc pa njinga yopepuka, pamene yanu ndi ya 1,584 cc ndipo imakoka makilogalamu oposa 350 musanakwerepo inu, mnzanu wakumbuyo ndi katundu.

Ngati mtima wanu uli pa kuchotsa basi, yezetsani kaye kuvina kwa crankshaft ndi geji ya singano. Malire a Harley pa injini za zaka izi ndi otakasuka, cha m'ma 0.25 mpaka 0.30 mm, koma amenewo ndi malire oti injini isatayidwe, osati oti ilandire kugunda kowonjezera. Amisiri okulitsa injini amafuna 0.08 mm kapena kucheperapo, ndipo nawonso ndi malire amene ine ndingagwiritse ntchito pano. Ikaposa pamenepo, musaike sipuloketi yolimba. Malo ake enieni ndi pa injini yomwe crankshaft yake inawongoledwa n'kuwotchereredwa pa pini. Palinso njira yapakati: Darkhorse Crankworks imapanga sipuloketi ya Man O-War, yomwe ilibe timapiri ndi masipuling'i achitsulo koma ili ndi tizidutswa tofewa mkati, tosinthika tikatha. Imafewetsa pang'ono poyerekeza ndi compensator, koma imaposa yolimba. Samalaninso ndi chiwerengero cha mano. Ogulitsa ena amakopa anthu ndi sipuloketi ya mano 32 kapena 30 kuti njinga inyamuke mwamphamvu. Mano akachepa tcheni imakhala yotayirira, choncho pamafunika tensioner (chokungira tcheni) ina kapena tcheni yayifupi, ndipo kompyuta ya njinga imasokonezeka chifukwa liwiro la injini ndi la wilo sizigwirizananso ndi zomwe ikudziwa. Nyali ya giya ya 6 imatha kusiya kuyaka, cruise control, yomwe imasunga liwiro yokha, n'kuyamba kukana. Khalani pa mano 34.

Pogula compensator yatsopano, nenani chaka cha njinga ndipo muumirire kuti kiti yake ikhale ndi rotor. Pa 2007 mpaka 2010 chikho cha masipuling'i chinalumikizidwa ku rotor yakale, ndipo masipuling'i a mtundu watsopano sangakhalepo. Popeza njinga munagula kwa munthu, n'kutheka kuti mwini wakale anasintha kale. Mukaona masipuling'i ali poyera osati obisika m'chikho, rotor ndi yatsopano kale ndipo mufuna compensator yokha. Gulaninso bawuti yatsopano ngati mulibe m'kitimo, gasiketi ya chivundikiro, kalabala ka pa bawuti yokhuthulira, guluu wofiira wa mazinga monga Loctite 262, guluu womatira kangalande ka oyilo mkati mwa chivundikiro, ndi malita awiri a oyilo wa primary. Pa zida, mufuna sipanala yoyeza mphamvu yofika 250 Nm, chitsulo chachitali chomasulira, soketi ya mano ngati nyenyezi ya Torx T70 ya bawuti ya mtundu watsopano, soketi ya inchi 1-3/16 ya nati ya kilatchi, pulaya yochotsera mphete, ndi kachitsulo kotsekera primary komwe kamalowa pakati pa mano a masipuloketi awiri.

Ntchito imayamba ndi kuchotsa fyuzi yayikulu ndi waya wa negativu wa batire. Musalumphe apa: zala zanu zikhala pakati pa tcheni ndi mano, ndipo sitata itati igwire mwangozi palibe chobweza. Imikani njinga mowongoka pa jeke, khuthulani oyilo, chotsani popondera pa kumanzere ndi zosinthira magiya, kenako mabawuti a chivundikiro. Ndi otalika mosiyana, choncho abayeni pa katoni motsatira malo awo. Tensioner ya njinga izi imadzikunga yokha ndi sipuling'i. Imangeni ndi kachingwe kapulasitiki musanamasule mabawuti ake awiri kuti isamwazike. Pakati pa kilatchi chotsani mphete ndi kambale kokhala ndi bawuti yosinthira, nati ya habu iwonekera kumbuyo kwake.

Ikani kachitsulo kotsekera. Bawuti ya compensator imamasuka mwachizolowezi, motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi. Nati ya kilatchi mazinga ake ndi akumanzere, imamasuka mukaizunguza motsatira wotchi. Ambiri athyola shafuti kapena kudya natiyi poilimbitsa akuganiza kuti akumasula. Musagwiritse ntchito mfuti ya mpweya yomasulira manati pa bawuti ya compensator, kaya pomasula kaya pomanga. Maginito a mu rotor ndi omata ndi guluu ndipo amatha kumatuka kapena kusweka, komanso kugunda kwa mfutiyo kumalowa mu crankshaft yomwe tikuitetezayi. Bawuti ikakana, tenthetsani mutu wake wokha kwa kanthawi ndi mfuti ya mpweya wotentha kuti guluu afewe, osati ndi malawi, ndipo mukoke ndi chitsulo chachitali modekha. Musaletsenso injini kuzungulira poika giya n'kuponda buleki, chifukwa mphamvu yonseyo idutsa m'mano a magiya. Zonse zikamasuka, compensator, tcheni ndi kilatchi zimatuluka limodzi. Ikani chizindikiro pa tcheni kuti mudzaibwezere moyang'ana komwe inkayang'ana.

Rotor yakale ndi imene imachedwetsa anthu. Pa njinga zambiri za zaka zimenezi siidutsa pa mlomo wa bokosi lamkati la primary. Njira yoyenera ndi kuchotsa bokosilo, zomwe zimafuna kumasula sitata, kuika gasiketi yatsopano pakati pa bokosi ndi injini, silo yatsopano pa shafuti ya magiya ndi mabawuti atsopano okhala ndi timalabala. Amakaniko ena amapala mlomowo pang'ono ndi galayinda kuti rotor idutse. Zimatheka, koma fumbi la aluminiyamu likalowa mu stator, mawaya okulungidwa omwe rotor imazungulira, ndi mu beling'i mwadzipangira ntchito ina. Pa makilomita 70,000 ine ndinganene kuti chotsani bokosi, popeza ndi mpata woona beling'i yamkati ndi mphete yake pa shafuti, yomwe nthawi zina imasendera mkati n'kudya silo ya bokosi la magiya. Pokoka rotor ndi poika yatsopano samalani zala, maginito amakoka mwamphamvu ndipo imadziponyera yokha pa stator. Onani kuti palibe nati kapena washala womata mkati mwake.

Pali gawo limodzi laling'ono lomwe limalekanitsa ntchito yokhalitsa ndi yobwerera ku galaja: bowo la mazinga kumapeto kwa crankshaft. Mkati mwake mumatsalira guluu wakale wouma ndi oyilo. Guluu watsopano sagwira pa oyilo, ndipo zotsalira zikaunjikana pansi pa bowo bawuti imafika pansi isanafinye zitsulo. Sipanala imalira kuti mphamvu yakwana pamene compensator ikadali yomasuka. Pukutani mazingawo ndi kabulashi kawaya kapena chotsukira mazinga, tsukani ndi mankhwala otsukira mabuleki, puzirani mpweya mpaka muume, kenako lowetsani bawuti ndi zala zokha muone kuti ikuyenda mpaka mkati popanda kugwira.

Masipuling'i asanjeni ndendende momwe pepala la m'kiti likuonetsera. Ndi osiyana kukula, ndipo kalikonse kali ndi mbali yoyang'ana mkati ndi yoyang'ana kunja. Kamodzi kakatembenuzidwa mphamvu yonse imasintha, compensator yatsopano n'kumagunda kuyambira tsiku loyamba. Pakani oyilo wa primary pa timapiri, m'bowo la sipuloketi, pa mizere ndi pa beling'i ya tisingano, kuti zisayambe ntchito zouma. Bwezerani compensator, tcheni ndi kilatchi limodzi monga zinatulukira. Pomanga bawuti, onetsetsani kuti beling'i ndi mawashala ake akhala pakati pa malo awo, chifukwa akatsetsereka n'kupanikizika m'mphepete amaphwanyika bawuti ikamalimba.

Kamangidwe ka bawutiyi n'kapawiri. Mangani mpaka 136 Nm kuti zonse zikhazikike, masulani kuzungulira kamodzi kathunthu, kenako mangani komaliza. Pa bawuti yakale ya 2007 mpaka 2013 mphamvu yomaliza ndi 190 Nm. Pa ya mtundu wa 2014 ya mutu wa T70 ndi 237 Nm. Tsatirani nambala ya compensator imene mwaika, osati ya chaka cha njinga, ndipo pepala la m'kiti ndilo lomaliza kunena. Bawuti yatsopano imabwera ndi guluu wouma pa mazinga. Ikakhala yopanda, madontho awiri a guluu wofiira akwana, osadzaza bowo. Nati ya kilatchi nayo madontho awiri, n'kumanga 95 mpaka 108 Nm motsutsana ndi wotchi. Ngati mwasankha sipuloketi yolimba kapena ya kampani ina, yezani kuti mano ake ali pa mzere umodzi ndi a kilatchi poika lula yachitsulo pa nkhope ya bokosi n'kuyeza mpaka pa tcheni pafupi ndi sipuloketi iliyonse. Kusiyana kusapitirire 0.76 mm. Kukaposa, tcheni imadya mano mbali imodzi ndipo pamafunika mawashala owongolera.

Tensioner ibwezereni itatsitsidwa mpaka pansi penipeni ndiponso yomangidwa ndi kachingwe, mangani mabawuti, kenako dulani kachingweko n'kukachotsa konse. Musaikwezere ndi sikuludalaiva kuti tcheni ilimbe. Imakwera yokha ndipo siibwerera, choncho mukaiyambitsira pamwamba tcheni imakungika kwambiri injini ikatentha, n'kumakoka crankshaft ndi shafuti ya magiya kuti ziyandikane. Beling'i yamkati ndi imene imayamba kufa. Nsapato yake yapulasitiki ikakhala ndi ngalande zakuya, sinthani tensioner yonse pomwepo.

Kangalande ka oyilo musaiwale kukaika. Chivundikiro cha 2009 chilibe ngalande zoumbidwira, ndiye kiti imabwera ndi kapulasitiki komatira mkati mwa chivundikiro pamwamba pa compensator. Popanda iko, timabowo ta oyilo pa compensator yatsopano tilibe chotidyetsa, ndipo fumbi lofiira lija libwereranso. Tsukani malowo mpaka mafuta onse achoke, palani pang'ono ndi sandipepa, sakanizani guluu monga mwa malangizo ake, panikizani, ndipo musiye usiku wonse musanathire oyilo. Kakamatuka njinga ikuyenda kamalowa m'tcheni.

Mangani chivundikiro ndi gasiketi yatsopano, modumphadumpha osati mozungulira, pa mphamvu yaing'ono ya m'buku la njinga, chifukwa mazinga ake ali mu aluminiyamu. Bawuti yokhuthulira ndi 19 mpaka 28 Nm. Kilatchi ikonzeni injini ili yozizira: masulani kebulo, lowetsani bawuti yosinthira mpaka ingokhudza, bwezani theka mpaka kuzungulira kamodzi, mangani nati yake, kenako konzani kebulo kuti pa chogwirira pakhale mpata wa 1.6 mpaka 3.2 mm. Oyilo pa Touring ya chaka chanu ndi malita 1.12 mukangokhuthula, ndipo pafupifupi 1.3 bokosi likakhala louma monga lidzakhalire mukatsegula. Njinga ili chilili, oyilo afike m'munsi mwa sipuling'i yayikulu ya kilatchi. Akachuluka kilatchi imakoka ndipo nyutulo imavuta kupeza, akachepa compensator imauma. Thirani oyilo wopangira primary kapena wa njinga za kilatchi yonyowa. Oyilo wa galimoto wokhala ndi mankhwala ochepetsa kukhulana amatereretsa mbale za kilatchi.

Kayendetsedwe kanu nako kali ndi mbali yake. Giya ya 6 pa njingazi ndi yayitali kwambiri, ndipo kuyenda nayo m'tauni injini ili pansi pa 2,000 rpm n'kutsegula mafuta mwadzidzidzi ndiko kumakwezetsa timapiri mpaka kumapeto mphindi iliyonse. Isungireni msewu waukulu monga N1, ndipo pokwera phiri kapena podutsa galimoto tsitsani giya kuti injini ikhale pamwamba pa 2,500. Poliza, dikirani pampu ya mafuta imalize kulira, musakhudze mafuta, ndipo batani muligwire mpaka injini igwire. Kulisiya pakati ndiko kumabweretsa kubwerera m'mbuyo. Ngati kubwererako kupitirira pamene batire ndi compensator zili zatsopano, onetsani mano a sitata ndi mphete ya mano ya pa kilatchi, chifukwa miyezi yonse yogundayi yawadya. Funsaninso ngati mwini wakale anasintha makamu kapena pulogalamu ya kompyuta. Injini yowonjezeredwa mphamvu yofinya imafuna timavavu totulutsa mpweya poliza, tomwe Twin Cam 96 sinabwere nato.

Mukayenda makilomita pafupifupi 1,500, khuthulani oyilo wa primary muone maginito kachiwiri. Matope pang'ono a zitsulo zatsopano zozolowerana ndi oyembekezeka. Oyilo akatuluka wofiirira kapena tizitsulo tonyezimira tikachuluka, tsegulani chivundikiro muone ngati kangalande kakadali pamalo pake ndiponso ngati bawuti ya compensator sinamasuke.